Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko: tisanyoze ndalama zopatsa osauka m'manja

Pali nkhani imene imautsa mkangano pa cigayo, pa citsime, ngakhalenso pabwalo la chalichi mapemphero akatha. Nkhaniyi ndi ya ndalama zimene boma limapereka m'manja mwa mabanja ovutikitsitsa, zodziwika ndi dzina lakuti Social Cash Transfer. Ena amati ndalama zimenezi zikuphunzitsa anthu ulesi. Ena amati zimangothera ku kacasu. Enanso amati kukadakhala bwino boma likadagula cimanga kapena feteleza n'kugawa, cifukwa munthu wosauka sadziwa kugwira ndalama. Mau otere timawamva ngakhale pakamwa pa anthu opemphera, amene Lamulungu lililonse amaimba za cifundo ca Mulungu.

Ife makatekisti timayenda m'makomo. Timakapemphera ndi odwala, timaika maliro kumene wansembe sanathe kufika, ndipo timadziwa khomo limene utsi sunafuke kuyambira dzulo. Pa zimene taona ndi zimene ofufuza anapeza m'dziko lathu lomwe lino, tikunena poyera kuti ndalama yopatsidwa m'manja, ikamabwera pa nthawi yake ndiponso mosadumphadumpha, ndi imodzi mwa njira zabwino koposa zothandizira banja losauka la kumudzi. Cifukwa cake n'cakuti mwini nyumba ndiye adziwa pamene denga lake likudontha. Nchito yathu ife akhristu ndi kuteteza ndalamayo kuti ifike kwa eni ake yonse yathunthu.

Mmene umphawi umamangira banja la mlimi

Tiyeni tiyambe ndi zimene tonse tidziwa. M'mwezi wa May ndi June, banja losauka limakolola matumba owerengeka cabe. Lisanadye n'komwe, pakhomo pafika mavuto ofuna ndalama: mcere, sopo, cigayo, yunifomu ya mwana, ulendo wa ku cipatala, ngongole ya caka catha. Ndalama palibe, koma cimanga cilipo. Motero mai atenga meda ziwiri lero, zitatu mawa, kupita nazo kwa ogula a m'mbali mwa mseu amene amagula motsika pa sikelo zokayikitsa. Kudikira FRA sangathe, cifukwa wodwala sadikira. Pofika October nkhokwe yayamba kuonekera pansi, ndipo pofika December banja lija likugulanso cimanga cake comwe cija pa mtengo wokwera kwambiri.

Tsono mvula ikagwa ndiye pamene msampha umafwamphuka. Nthawi yopalira ndi nthawi yomwenso ya njala. M'nyumba mulibe ufa, ana akulira, ndipo agogo kapena mai wamasiye anyamula khasu kupita kukagwira ganyu m'munda wa mwini. Agwira tsiku lonse, madzulo alandira meda ya cimanga kapena gaga. Mawa lake cimodzimodzi. Pamene iye akupalira munda wa mnzake, munda wake ukudyedwa ndi udzu. Akamabwerera kumunda kwake patapita milungu iwiri kapena itatu, cimanga cafiira kale, cangotsala ngati mapesi a mapira. Mlimi aliyense adziwa kuti cimanga cimene calimbana ndi udzu m'milungu yoyamba sicibwereranso mwakale, ngakhale ucithire feteleza wotani. Zokolola za banja lija zidzakhalanso zocepa, ndipo caka ca mawa nyimbo idzakhala yomweyo.

Kodi munthu wotere tingamunene kuti ndi waulesi? Iye ndiye wagwira nchito kuposa tonsefe, koma thukuta lake lakadzaza nkhokwe ya wina. Ndipo ganyu ikasowa, pamatsala njira ziwiri zowawa. Yoyamba ndi kaloba, kumene ukatenga K100 umabweza K150 kapena kuposerapo mwezi ukatha. Yaciwiri ndi kugulitsa mbuzi, nkhuku, njinga, ngakhale thumba la feteleza wa FISP limene analipeza movutikira. Nthawi ya njala aliyense amagulitsa, motero mitengo ya ziweto imagwa. Cimene banja linasonkhanitsa m'zaka zisanu cimatha m'mwezi umodzi wa February.

Apa ndi pamene ndalama ya m'manja imagwira nchito yake yaikulu. Mu 2025 banja lolembedwa linali kulandira K800 pa miyezi iwiri iliyonse, ndipo banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri K1,200. Caka comweco FRA inali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Tiwerengere limodzi: pa K800 mai angagule thumba limodzi, n'kutsala ndi ya cigayo, mcere, sopo ndi kambeu ka nshawa kapena nyemba. Palibe amene angalemere ndi ndalama imeneyi. Koma thumba limodzi lija likutanthauza milungu ingapo imene maiyo adzadzuka m'mawa kupita kumunda kwake osati kwa mwini. Ndalamayi imamugulira masiku ake omwe, pa nthawi imene tsiku limodzi la kupalira liposa masiku khumi a m'cilimwe.

Kumene zinayambira, ndi zimene anapeza

Nkhani imeneyi sinayambe dzulo. Mu 2003 boma, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, linayamba kuyesa njirayi m'boma la Kalomo ku Southern Province. Anasankha mabanja pafupifupi 1,000 amene analibe munthu wamphamvu zogwirira nchito, ambiri mwa iwo agogo olera ana amasiye a matenda a AIDS. Banja lililonse linali kulandira K30,000 ya ndalama zakale pa mwezi, yolingana ndi mtengo wa thumba limodzi la cimanga pa nthawiyo. Pambuyo pake anafika ku Kazungula, Monze ndi Chipata, ndipo mu 2007 ku Katete anayamba kupereka ndalama kwa okalamba a zaka 60 ndi kuposerapo. Ife a kum'mawa tili m'gulu la amene anaziona koyambirira.

Mu 2010 boma linayamba kupereka ndalama kwa amai okhala ndi ana osakwana zaka 5 m'maboma a Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa, madera akutali kumene umphawi unali waukulu koposa. Caka cotsatira linayambanso m'maboma ena monga Serenje ndi Luwingu, kwa mabanja olera ana amasiye ndi a anthu olumala. Cosangalatsa n'cakuti sanangopereka n'kuiwala. Ofufuza a American Institutes for Research, pamodzi ndi anzao a muno m'Zambia, anatsatira mabanja zikwi zingapo kwa zaka zingapo. Midzi yoyamba kulandira inasankhidwa mwa maere, kuti athe kuiyerekeza mwacilungamo ndi midzi imene inali isanayambe kulandira. Ndalama yake inali yocepa, pafupifupi K60 pa mwezi tikawerengera mu ndalama zatsopano za 2013.

Anapeza zotani? Gawo lalikulu la ndalamayo linapita ku cakudya, ndipo mabanja ambiri anayamba kudya kawiri pa tsiku. Ana ambiri anapeza nsapato, bulangeti ndi covala cosinthira. Koma cimene cinadabwitsa ambiri n'cakuti mabanjawo anakulitsa minda yao, anagula mbeu ndi zipangizo, anayamba kuweta nkhuku ndi mbuzi, amai ambiri anayamba timalonda, ndipo kudalira ganyu kunacepa. Patapita zaka zitatu, ofufuzawo anawerengera kuti pa kwacha imodzi iliyonse imene boma linapereka, zimene banja linatha kugula ndi kusunga zinakwera ndi pafupifupi K1.67. Mangwee 67 apamwambawo sanagwe kumwamba. Anacokera m'khasu ndi m'manja mwa anthu omwe aja amene timawanena kuti akapatsidwa ndalama adzagona.

Nanga za mowa? Sitikana kuti m'mudzi uliwonse muli munthu mmodzi kapena awiri amene tsiku lolandira amagona kumowa. Amenewo ndiwo timawaona, cifukwa amaimba mumseu. Agogo makumi awiri amene anagula ufa n'kubwerera kwao mwakacetecete palibe amawasimba. Mu 2014 akatswiri awiri a World Bank, David Evans ndi Anna Popova, anasonkhanitsa kafukufuku 19 wocokera ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo anapeza kuti mabanja olandira ndalama zotere sawonjezera kugula mowa ndi fodya. Enanso anali kunena kuti amai adzayamba kuberekera dala kuti alandire ndalama za ana. Kafukufuku wa ku Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa anafufuzanso zimenezi, ndipo sanapeze kuti amai olandira anabereka kuposa anzao.

Tisaiwalenso kuti ndalamayi siikhalitsa m'thumba la wolandira. Imapita kwa mwini cigayo, kwa mai wogulitsa tomato ndi kapenta, kwa mnyamata wa kantemba, kwa mlimi amene ali ndi cimanga cotsala, kwa wofolera nyumba ndi wokonza njinga. Inu amene simunalembedwe ndipo mtima ukukupwetekani, yang'anani bwino pa msika wanu tsiku lotsatira malipiro. Ina mwa ndalama ija imagona m'nyumba mwanu.

Bwanji osangowapatsa cimanga?

Funso ili n'lanzeru ndipo liyenera yankho. Makolo athu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Tengani makomo atatu oyandikana. Pa khomo loyamba cakudya cilipo pang'ono, koma bambo amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku ndipo afunika kukafika ku kiliniki imene ili pa mtunda wa maola atatu. Cimene asowa ndi ndalama ya honda. Pa khomo laciwiri pali mtsikana wa sekondale. Maphunziro ndi aulere kuyambira 2022, koma yunifomu, nsapato, makope ndi sopo si zaulere, ndipo mtsikana amene asowa zimenezi amagwa msanga m'manja mwa anyamata a ndalama. Pa khomo lacitatu agogo ali ndi munda wabwino koma msana unatha. Iwo afuna wowapalirira. Mukabweretsa thumba la cimanga pa makomo onse atatu, awiri mwa iwo adzaligulitsa motsika kuti apeze cimene akusowadi. Ofesala wa ku Lusaka, ngakhale atakhala wamtima wabwino cotani, sangadziwe zosowa za khomo lililonse. Mwini khomo adziwa.

Palinso za mayendedwe. Cimanga cofuna kugawidwa ciyenera kugulidwa, kusungidwa, kuthiridwa mankhwala, kukwezedwa pa malole ndi kutsitsidwa, ndipo paliponse pamene caima pamakhala ndalama yolipira ndi dzanja lofuna kutapa. M'nyengo ya mvula malole amatitimira, milatho imakokoloka, ndipo thandizo limafika anthu atayamba kale kudya maungu ndi dowe. Tinaziona bwino m'cilala ca 2024. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa anapserera. Thumba la ufa la makilogalamu 25 linapitirira K300. Boma linakweza ndalama ya mabanja olembedwa, amene anali pafupifupi 1.3 miliyoni, kucoka pa K200 kufika pa K400 pa mwezi. Linalembanso mabanja ena ambiri kuti alandire kwa kanthawi, ndipo anthu amphamvu anapatsidwa nchito za m'madera mwao za Cash for Work, K600 pa masiku 10. Zinatheka msanga cifukwa kaundula ndi njira zolipirira zinalipo kale.

Komabe tisaname kuti ndalama ndi mankhwala a nthenda zonse. Ndalama sidyedwa. Ngati pa msika palibe cimanga, kapena amalonda awiri okha ndiwo ali naco ndipo akweza mtengo mmene afunira, pepala la K100 silikhutitsa mwana. N'cifukwa cake mu 2024 kunali kofunika kuti FRA itsegulenso malo ogulitsira cimanga m'madera. Ndalama ndi cimanga zinayenera kuyendera limodzi. Kafukufuku uja wa ku Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa anapezanso kuti ngakhale mabanja anali kudya bwinopo, kupinimbira kwa ana sikunacepe monga mmene anthu anayembekezera. Mwana amene amamwa madzi a m'dambo ndi kudwala m'mimba mwezi ndi mwezi sakula bwino ngakhale adye. K400 siikumba citsime, siikonza mseu, siibweretsa namwino kapena mlangizi wa zaulimi. Boma lisaganize kuti likapereka ndalamazi ndiye kuti lamaliza udindo wake kumidzi.

Malembo atiunikira bwanji?

Akhristu ena amathamangira kalata yaciwiri ya Paulo Woyera kwa Atesalonika, mutu 3, kumene akudzudzula anthu osagwira nchito. Tiwerenge bwino ndime imeneyo. Paulo akunena za anthu amphamvu amene akukana dala kugwira nchito n'kumangoyendayenda m'makomo. Koma amene amalembedwa pa Social Cash Transfer ndani? Ndi okalamba, anthu olumala kwambiri, odwala matenda osaciritsika, ana amene akulera ana anzao, ndi amai amene akulera okha ana ambiri. Kutenga mau a Paulo n'kumenya nao agogo a zaka 75 amene akulera zidzukulu zinai ndi kupotoza Malembo.

Onani m'buku la Deuteronomo, mutu 14. Mwisraeli amene anali kutali ndi malo opembedzerako, moti sakadatha kunyamula cakhumi ca zokolola zake, analoledwa kucisandutsa ndalama, kuyenda nayo m'manja, ndi kukagula kumeneko cimene iye mwini afuna. Ngakhale kalelo anadziwa kuti ndalama imapepuka pa ulendo ndipo imasiyira munthu ufulu wosankha. Mutu womwewo ulamula kuti caka cacitatu ciliconse cakhumi cisungidwe m'midzi kuti adye alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Gawo la osauka linali lamulo la dziko, lodziwika nthawi yake, losadalira kuti wolemera wadzuka bwanji tsiku limenelo. Onaninso Ambuye Yesu pamene anakumana ndi Bartimeo wakhungu ku Yeriko. Aliyense anali kuona vuto la munthuyo, komabe Ambuye anayamba amufunsa cimene iye afuna kuti amucitire. Anamulemekeza ngati munthu wokhala ndi maganizo ake.

Mu Macitidwe a Atumwi, mutu 11, timva za njala yaikulu ya m'masiku a mfumu Klaudio. Akhristu a ku Antiokeya anasonkha aliyense monga mwa kupata kwake, natumiza thandizolo ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo. Ndipo Mpingo wa masiku athu uphunzitsa zomwezo. Papa Paulo VI, m'kalata yake ya mu 1967 ya Populorum Progressio, anakumbutsa kuti Mulungu analenga zabwino za dziko kuti zifikire anthu onse, ndi kuti citukuko ceniceni ndi ca munthu yense ndi anthu onse. Agogo aja analima thonje, fodya ndi cimanga zimene zinadyetsa dziko lino kwa zaka makumi anai popanda penshoni. Lero lomwe amalipira msonkho pa sopo ndi zina zimene amagula m'sitolo. Ndalama imene alandira ndi gawo lao, ndipo sayenera kugwadira munthu aliyense cifukwa ca iyo.

Pamene pali ngozi yeniyeni

Ngati tifuna kudandaula za ndalamazi, tiyeni tidandaule pa malo oyenera. Mu 2018 maiko a Britain, Ireland, Finland ndi Sweden anaimitsa thandizo lao zitamveka kuti ndalama za Social Cash Transfer zoposa madola 4 miliyoni sizinayende bwino, ndipo nduna yoyang'anira nchitoyi inacotsedwa pa udindo. M'nyengo imeneyo mabanja ambiri anakhala miyezi osalandira. Amene anacititsa manyazi dziko sanali agogo a kumudzi ai. Anali anthu ophunzira, ovala mataye. Ndipo kucedwa kwa malipiro kumapha phindu lonse limene tafotokoza. Mai amene adziwa kuti ndalama ibwera mu January angakane kaloba mu December. Koma ngati sadziwa tsiku, adzakongola ndithu, ndipo ndalamayo ikadzafika idzangodutsa m'manja mwake kupita kwa mwini kaloba.

Ngozi ina ili pakati pathu pomwe. Maina amayambira m'mudzi, kudzera m'makomiti a CWAC, asanapite ku ofesi ya Social Welfare. Ambiri a m'makomitiwa ndi anthu odzipereka amene amayenda mitunda popanda malipiro, ndipo tiwayamika. Koma tidziwanso zimene zimacitika m'madera ena: mlamu wa wakomiti alembedwa pamene ali ndi ng'ombe ndi ngolo, ndipo wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, amene alibe womulankhulira, aiwalika. Kwina wolandira auzidwa kuti asiyeko K50 ya “zikomo”. Kwina mdzukulu ndiye asunga foni ndi nambala yacinsinsi ya agogo, akatapa ndalama ku buthi n'kubweretsa theka, nanena kuti boma lacepetsa. Palinso akuba a pa foni amene amatumiza uthenga wakuti mwasankhidwa, tumizani ndalama yolembetsera. Ndipo nyengo ya masankho ikafika, pamabwera ena oopseza okalamba kuti akapanda kuvotera cipani cakuti adzafafanizidwa m'kaundula. Limenelo ndi bodza. Ndalamazi zinayamba pa nthawi ya MMD, zinakula pa nthawi ya PF, zapitirira pa nthawi ya UPND. Ndi za dziko, si za cipani.

Mavuto otere Mpingo woyamba unakumana nao. Pa Macitidwe mutu 6, akazi amasiye a Ayuda olankhula Cigriki anali kudumphidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanathetse kugawako poti pabuka madandaulo. Anaitana gulu lonse, nasankhitsa amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino kuti ayang'anire. Nayenso Paulo, posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula yekha. Pa 2 Akorinto mutu 8 tiona kuti anafuna anthu osankhidwa ndi mipingo akhale nao pa nchitoyo, kuti pasakhale pomunenera. Mankhwala a kugawa kokhota ndi kuonjezera maso.

Nchito yathu m'miphakati

Coyamba, mphakati uliwonse udziwe osauka ake, Akatolika ndi osakhala Akatolika omwe. Pamene kulembetsa kwalengezedwa, tipite ku msonkhano wa mudzi ndi kulankhula maina a amene sangathe kudziyendera kapena kudzilankhulira. Maina akamawerengedwa poyera, tisakhale cete poopa nyakwawa kapena wacibale. Ambiri mwa okalamba amasiyidwa cifukwa alibe citupa ca NRC, kapena cinapsa, kapena cinadyedwa ndi ciswe. Acinyamata a m'parishi, a bungwe la Vincent de Paul ndi amai a m'mabungwe angathe kuwaperekeza kuti akatenge cina. Imeneyo ndi nchito ya cifundo yofanana ndi kuyendera odwala.

Caciwiri, tiphunzitse poyera, ngakhale pa zolengeza za pa Lamulungu, kuti kulembetsa n'kwaulere, kuti palibe woyenera kudulako kanthu, ndi kuti nambala yacinsinsi ya pa foni siuzidwa kwa mlendo woimba lamya. Aliyense wolandira adziwe kuti ayenera kulandira zingati ndi liti. Wina akadulidwa kapena akadumphidwa, timuperekeze ku komiti, ndipo zikakanika, ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma. Wosauka akapita yekha amauzidwa kuti abwere mawa. Akapita ndi anthu atatu a mu mphakati amapatsidwa mpando.

Cacitatu, ife eni Mpingo tidziyang'ane. Tisayambe kuwerengera agogo ndalama zao tsiku limene alandira, n'kuwatumizira wokhometsa mtulo, zopereka za nyumba ya ansembe kapena za yunifomu ya bungwe. Akafuna kupereka mwa ufulu wao, Mulungu adzalandira monga analandirira tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye uja. Koma kuwakakamiza ndi kudya za amasiye, cinthu cimene Ambuye anadzudzula kolimba. Cimodzimodzi inu ana ndi adzukulu a ku Lusaka ndi ku Copperbelt: musaleke kutumiza thandizo kwa makolo anu poti “boma likuwapatsa”. K400 siilowa m'malo mwa lamulo lacinai.

Cacinai, kwa inu olandira, tikupatsani uphungu ngati abale anu, osati ngati olamula. Ndalama ya m'miyezi yokolola, pamene cimanga n'cochipa, ndiyo yogulira cakudya cosunga. Ya m'miyezi ya October ndi November ikumbukireni mbeu. Mukatha, gulani nkhuku imodzi kapena ziwiri. Nkhuku imabala mbuzi kwa munthu wodekha. M'maparishi ambiri muli timagulu tosunga ndi kubwereketsana ndalama, monga ta SILC timene Caritas ndi Catholic Relief Services akhala akulimbikitsa. Ngakhale K20 pa mwezi imakupatsani pobwereka tsiku la tsoka popanda kupita kwa a kaloba. Ndipo inu amuna, khalani pansi ndi akazi anu musanagwiritse nchito ndalamayi. Iwo ndiwo adziwa kuti m'thini mwatsala ufa wa masiku angati.

Kwa boma ndi aphungu athu pempho lathu ndi lalifupi. Lipirani pa tsiku lodziwika, makamaka kuyambira November kufika March. Mtengo wa ufa ukakwera, ndalamayi ikwerenso, cifukwa K200 ya mu 2022 inali itafooka kale pofika 2024. Konzani kaundula kawirikawiri, pakuti caka ciliconse kumabwera amasiye atsopano. Ndipo wakuba ndalama za osauka alangidwe poyera, kaya ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono.

Alimi anzathu amene caka cino nkhokwe zanu zadzaza, musaseke amene aima pa mzere wolandira. Cilala ca 2024 cinationetsa kuti pakati pa mlimi wodzidalira ndi wopempha pali milungu isanu cabe yopanda mvula, kapena maliro amodzi, kapena matenda a ng'ombe. Cakudza siciimba ng'oma. Njira imene tiikonza lero kuti iyende mwacilungamo kwa wamasiye wa kumapeto kwa mudzi ndi yomweyo imene mwina idzatipeza ife kapena ana athu. Kupatsa ndi kuika. Pa msonkhano wa mphakati wa mlungu uno, tiyeni tifunsane maina a makomo amene akugona ndi njala, tione amene analembedwa ndi amene anasiyidwa, ndipo tisankhe anthu awiri oti akayambe kuyenda nao. Mulungu adalitse nchito ya manja anu.

Wolemba ndi katekisti wa mu Dayosizi ya Chipata